Musanatulutse Ndalama za Bungwe Kukagula Drill, Yang'anani Batire

Amayi, mwina kuparishi kwanu nkhaniyi inafika kale pa msonkhano. Mabenchi a m'tchalitchi akugwedera, chitseko cha kalasi ya katekisimu chikulendewera, ndipo achinyamata amene anaphunzira ukalipentala akungokhala chifukwa alibe zida. Wina n'kunena kuti bwanji bungwe ligule drill ya batire, makina aja oboolera matabwa ndi kumangira ma screw popanda chingwe cha magetsi, kuti tizikonza zathu n'kumabwereketsanso pa kangachepe. Ganizoli ndi labwino. Koma ndalamazo ndi zija munapeza movutikira pa munda wa bungwe ndi pa zopereka za mwezi ndi mwezi, ndipo makinawo akafa pakangotha miyezi itatu, msungichuma wanu ndi amene adzaime pamaso pa anzake kufotokoza.

Chimene wogulitsa sathamangira kukuuzani n'chakuti nthawi zambiri chimayamba kufa ndi batire, makinawo akadali bwinobwino. Batire yatsopano ndi yodula, ndipo ya kampani ina silowa m'makina a kampani ina. Ya Makita singagwire pa Bosch, ya DeWalt singagwire pa Ingco. Choncho musanafunse mtengo, funsani kaye kuti: batire iyi ikatha, ina yotere ndikaipeza kuti? Wogulitsa akakusonyezani batire yapadera ili pa shelefu, mwafika pabwino. Akayamba kuti "zibwera sabata yamawa," sungani ndalama zanu m'chikwama.

Pa batire pamalembedwa manambala awiri. Yoyamba ndi V. Ya 12V ndi yopepuka, yoyenera tintchito ta m'nyumba. Ya mabenchi, zitseko ndi denga, tengani 18V. Musakopeke ndi 20V yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu poganiza kuti ndi yamphamvu kuposa 18V. Ndi batire yofanana, kungoti ena amalemba mphamvu yake ikangochoka pa chaja, ena amalemba mphamvu yake ili pa ntchito. Nambala yachiwiri ndi Ah, ndipo ili ngati kukula kwa ndowa: 4.0Ah imasunga moto wowirikiza kawiri wa 2.0Ah. Kwathu kuno, kumene kotchajira kumakhala kutali kapena magetsi azima, mabatire awiri ndi abwino kuposa imodzi, kuti ina izitchajidwa ina ili pa ntchito.

Ngati mudzaboola khoma la njerwa zootcha kapena simenti, onani kuti pa mphete ya kutsogolo pali chithunzi cha hamala. Makina olembedwa kuti brushless amadula, koma alibe timakala tam'kati timene timatha ndi kukhulana, motero satentha msanga. Tengani mmisiri wa mu mphakati wanu popita kukagula, ayese makinawo pomwepo pa chidutswa cha thabwa. Zabodza zodindidwa mayina otchuka zilipo, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndiye chizindikiro chake choyamba. Risiti ilembedwe m'dzina la bungwe, ndipo wogulitsa alembepo kuti adzakonza kapena kusintha kwa nthawi yaitali bwanji.

Mawu pang'ono kwa inu amene muli ndi ana kunja. Magetsi athu ndi a 230V. Drill yochokera ku Joni kapena ku UK imagwira ntchito, ngakhale ya ku South Africa imafuna adaputala chifukwa mano a pulagi yake ndi ozungulira. Koma machaja ambiri a ku America ndi a 120V, ndipo mukawalumikiza pa soketi yathu amapsa nthawi yomweyo. Werengani zolembedwa kunsi kwa chaja musanaiyatse.

Nanga makina akakana kugwira ntchito? Musathamange n'kunena kuti afa. Pamwamba pa pokanikizira pali kabatani kosankhira kuti azungulire kutsogolo kapena kumbuyo. Kakakhala pakatikati, makina amadzitseka, ndipo anthu ambiri anyamula drill yabwinobwino kupita nayo kwa okonza chifukwa cha kameneka. Batire ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha, ndipo chaja imaikana mpaka itazizira, choncho iikeni pamthunzi kwa kanthawi. Pukutani tizitsulo tolumikizira ndi kansalu kouma, chifukwa utuchi ndi fumbi zimatseka. Makina akamazungulira koma osalowa m'thabwa, kawirikawiri kachitsulo koboolera ndi kamene kabuntha, kapena mwaika ka matabwa pa njerwa. Kukankha ndi thupi lonse sikuthandiza, kumangootcha injini. Koma mukamva fungo la pulasitiki wopsa kapena mukaona utsi, chotsani batire ndipo makinawo apite kwa wodziwa.

Popeza magazini ino ndi ya zaumoyo, tinene za thupi. Kachitsulo kakakanirira m'bowo, makina onse amatembenuka mwamphamvu ndipo amatha kubinya dzanja, n'chifukwa chake muyenera kugwira ndi manja awiri. Valani magalasi otchinga maso. Duku mumange bwino, chitenje chisalendewere, ndipo kolona ya m'khosi muiike m'thumba mpaka ntchito ithe, chifukwa chozungulira chimakoka chilichonse chimene chakola. Inde, ndikulankhula ndi inu amene mudzagwire makinawo ndi manja anu. Drill si ya abambo okha, ndi yopepuka kuposa musi. Pakhoma, musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi, chifukwa mawaya amadutsa mmenemo.

Mabatire amenewa ndi a lithium, ofanana ndi a m'foni koma aakulu, ndipo amadana ndi kutentha. Musawasiye padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, musawatchaje usiku anthu ali m'tulo, ndipo akakhala kuti sagwira ntchito kwa miyezi, asungeni ali ndi moto wa pakatikati, osati otheratu. Batire yotupa, yosweka kapena yonunkha isabwererenso pa chaja. Musaiponye pamoto kapena m'chimbudzi, ndipo ana asaitole kukaseweretsa. Iikeni panja m'chitini cha mchenga mpaka mutaipereka kwa okonza zamagetsi.

Pa zobwereketsa, gulani kope. Wotenga alembe dzina ndi tsiku, ndipo pobweza makinawo ayatsidwe pamaso pa onse awiri, chaja ndi mabatire ziwerengedwe. Pa ndalama iliyonse yobwereketsera, patulani gawo lina mu envelopu yolembedwa kuti "batire yatsopano."