Nandolo pakati pa chimanga: zomwe sayansi ikuona m'munda wa kasakaniza

M'mwezi wa Julayi, minda yambiri ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje imakhala itakololedwa kale chimanga, koma nandolo amakhala adakali chilili, wobiriwira pakati pa mapesi ouma. Alimi a kumeneku akhala akubzala mbewu ziwirizi mophatikiza kuyambira kale. Masiku ano akatswiri a nthaka ndi a kadyedwe koyenera akuvomereza kuti ulimi wa kasakanizawu umasamala nthaka komanso thanzi la banja.

Kalimidwe ka dera lililonse kamatsatira kukula kwa malo, mvula, msika ndi kuchuluka kwa anthu. Kumpoto kwa Zambia, komwe nkhalango zinali zambiri, Abemba amadula nthambi za mitengo, kuziunjika, kuziotcha, n'kufesa mawere paphulusapo. Ulimiwu umatchedwa chitemene, ndipo nthaka ikaguga munda umasiyidwa tsala kwa zaka zambiri. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa, minda ikuluikulu imalima nzimbe zokhazokha mothirira, cholinga chili malonda. Koma mlimi wamba wa kummwera kwa Malawi ali ndi kamunda kochepa, ndipo sangakagoneke ngakhale chaka chimodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno. Ndiye funso la mlimiyu ndi lakuti: nthaka yolimidwa chaka ndi chaka ibwezeretsa bwanji chonde?

Chimanga chimadya kwambiri mchere wa nayitirojeni. Ukasowa, masamba a m'munsi amayamba chikasu, phesi limaonda, chisononkho n'kubereka njere zowerengeka. N'chifukwa chake alimi amathamangira feteleza wa Urea, yemwe magawo 46 pa 100 alionse ndi nayitirojeni. Komatu mpweya womwe timapumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni yemweyo. Vuto ndi lakuti chimanga sichingamutenge mumpweyamo.

Apa m'pamene mbewu za mtundu wa nyemba zimaonetsa ntchito yake. Zulani mtedza, soya kapena nandolo wamng'ono, mugwedeze dothi, muyang'ane mizu. Mudzaona totupa ting'onoting'ono tonga mikanda. Mukaphwanya kamodzi ndi chikhadabo, n'kupeza m'kati muli kofiirira, dziwani kuti ntchito ili m'kati. Mmenemo mumakhala mabakiteriya otchedwa Rhizobium, omwe amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, pomwe mbewuyo imawapatsa shuga wochokera m'masamba.

Nandolo amagwirizana ndi chimanga chifukwa amayamba kukula pang'onopang'ono, kotero salimbirana nacho dzuwa. Mizu yake imazama kwambiri n'kumakamwa chinyezi komwe ya chimanga sifika. Chimanga chikachoka, iye amatsala yekha n'kuyoyola masamba ambiri omwe amawolerana pansi. Phindu lalikulu la chonde chimenechi limapita kwa chimanga cha chaka chotsatira. Choncho wotentha zinyalala za m'munda pososa amataya nayitirojeni yemwe anamupeza ulere.

Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, yomwe inayamba mu 2000 mogwirizana ndi chipatala cha kumeneko, inalimbikitsa alimi kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga. Chomwe chinautsa ntchitoyi ndi kuchuluka kwa ana onyentchera omwe ankafika kuchipatalako.

Munda ndi chipatala zimakumana motere: nsima imakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma zomanga thupi za m'chimanga n'zoperewera. Zilibe mtundu wina wa zomanga thupi wotchedwa lysine wokwanira, yemwe mu nyemba, nandolo ndi khobwe alimo wambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira. Chimanga chilinso ndi vitamini wa niacin yemwe thupi limavutika kumuyamwa. Vitaminiyu akasowa m'thupi, munthu amadwala pelagra: khungu limakhakhala m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, amatsegula m'mimba, mwinanso kusokonezeka maganizo. Mu 1989 ndi 1990 matendawa anagwira anthu zikwizikwi othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe ankakhala m'dziko muno, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira.

Kasakaniza ali ndi zovuta zake. Nandolo amakhwima nthawi yomwe mbuzi zamasulidwa kale, ndipo zimatha kumuwononga. Mtengo wake umadaliranso ogula a ku India, kotero umakwera ndi kugwa mosayembekezereka. Nthaka yoguga kwambiri imafunabe manyowa kapena feteleza, chifukwa mabakiteriya aja sapanga mchere wina wofunika ku mbewu wotchedwa fosifolasi.

Alangizi a zaulimi amati mlimi akwirire masamba ndi mapesi m'mizere, asinthe mbewu m'munda chaka ndi chaka, ndipo asagulitse nandolo kapena mtedza wonse kwa mavenda. Gawo lina litsale pakhomo la ndiwo, la nsinjiro, ndi losakaniza mu ufa wa phala la mwana.