Mau Atatu a Cingerezi Onena za Kuyamba

 Madzulo ano tikambirana za mau atatu a Cingerezi amene tiwamva pa nchito, ndiponso tiwaona m'makalata ndi pa zikwangwani. Mauwo ndi awa: "begin", "start" ndi "commence". Mukafunsa mwana wa sukulu adzakuuzani kuti onse atatu atanthauza kuyamba, ndipo sanama ai. Koma mau amenewa salowana malo nthawi zonse, ndipo munthu wosadziwa kusiyana kwace akhoza kusekedwa ndi anzace, kapena kutaya nchito imene anaifunafuna miyezi yambiri.

Tiyambe ndi "begin" ndi "start". Kawirikawiri awiriwa ali cimodzimodzi. Munganene kuti "The meeting begins at two o'clock", kapena "The meeting starts at two o'clock", ndipo monsemo mwanena kuti msonkhano uyamba pa 2 koloko. Cofunika kukumbukira ndi cakuti liu la "begin" lisintha. Ponena za dzulo titi "began", ndipo likatsata "has" kapena "have" titi "begun". Liu la "start" silibvuta, pakuti konseko titi "started".

Tsono alipo malo atatu pamene liu la "start" lokha ndilo liyenera, ndipo cimene cingatithandize kuwazindikira ndi Cinyanja cathu comwe.

Coyamba ndi makina. Ife sitinena kuti dalaivala ayamba galimoto. Titi aliza galimoto. Pamene ife titi kuliza, Cingerezi citi "start": "Start the engine". Palibe Mngerezi anganene kuti "begin the engine". Inu ogwira nchito ku migodi, mukaona cikwangwani copacikidwa pa makina colembedwa kuti "Do not start", dziwani kuti mwaletsedwa kuliza makinawo, cifukwa kapena mnzanu ali m'kati kuwakonza. Pamenepa kudziwa liu limodzi kupulumutsa dzanja la munthu, ngakhale moyo wace.

Caciwiri ndi ulendo. Pamene ife titi kunyamuka, Cingerezi citinso "start". Mnzanu wa pa ulendo akati "We must start early", ndiye kuti munyamuke m'mamawa.

Cacitatu ndi kuyambitsa cinthu cimene panalibe, monga sitolo, moto kapena ndeu. Titi "She started a shop", mai uja anatsegula sitolo, "Who started the fire?", anayatsa moto ndani?

Cifukwa cace ca zimenezi ciri m'mbiri ya liulo. Kale lomwe "start" linali kutanthauza kulumpha kapena kudzidzimuka, ndipo kufikira lero Angerezi ati "He woke with a start", kunena kuti munthu anadzidzimuka kutulo. Cotero liuli liyenera cinthu cimene cinali du, kenaka nkugwedezeka, monga icitira injini.

Tsopano tifike pa "commence", liu limene libvuta anthu ambiri. Liu ili ndi mlendo m'Cingerezi. M'caka ca 1066 William wa ku Normandy, cigawo ca dziko la France, anaoloka nyanja nagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings. Kucokera pamenepo Cifalansa cinakhala cinenero ca mafumu ndi ca m'makhoti kwa zaka pafupifupi 300, kufikira m'caka ca 1362 pamene anaika lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Cingerezi. Anthu wamba anapitirira kunena "begin" m'nyumba zao ndi m'minda, koma akuluakulu a malamulo anatenga "commence" ku Cifalansa. Ife a ku Zambia sitingadabwe nazo, pakuti tidziwa kuti cinenero ca kunyumba ndi ca ku khoti sicikhala cimodzi nthawi zonse. Ndiye cifukwa cace "commence" likali liu la m'makalata a Boma, a makampani ndi a maloya.

Mveretsani bwino apa, cifukwa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akafunsira nchito, kalata yomuyankha ikhoza kunena kuti "You will commence duty on 1st March". Tanthauzo lace ndi lakuti nchito waipeza, ndipo afike kudzayamba pa 1 Malichi. Amene aganiza kuti kalatayo ingomulonjeza cabe, nakhala kunyumba kuyembekeza ina, adzapeza malo ace atapatsidwa kwa wina. Ndiponso pa pepala la pangano la nchito mudzaona mau akuti "date of commencement", ndilo tsiku loyambira. Liyang'aneni bwino musanasaine, cifukwa pa malo ambiri a nchito zaka zimene mwagwira ndi masiku anu a chuthi aziwerenga kucokera pa tsiku limenelo. Likalembedwa molakwa, wotaya ndinu.

Kalata ina yoyenera kuisamala ndi ya ngongole. Loya akalemba kuti "We shall commence proceedings within 14 days", akucenjezani kuti masiku 14 asanathe adzatengera mlandu ku khoti. Kalata yotere siyoika pansi pa mphasa. Pitani msanga mukakambirane nao eni ngongole.

Musasokoneze "commence" ndi "resume". Liu la "resume" litanthauza kuyambanso cinthu cimene munaciimika. Wobwera kucokera ku chuthi auzidwa kuti "resume duty", pakuti nchitoyo ndi yace kale. Koma wolembedwa kumene auzidwa kuti "commence duty".

Liripo liu linanso limene likola ngakhale ophunzira, ndilo "found", kutanthauza kukhazikitsa bungwe, sukulu kapena mzinda. Ponena za kale titi "founded". Bungwe la anchito a ku migodi, limene mtsogoleri wace woyamba anali Lawrence Katilungu, linakhazikitsidwa m'caka ca 1949, ndipo m'Cingerezi titi "The union was founded in 1949". Mukalemba kuti "was found" mwagwiritsa nchito liu lina, la kupeza, ndipo mwanena kuti bungwelo linali lotayika, anthu nkulitola pa njira.

Nanga inu eni muzinena liti? Ena aganiza kuti liu lalitali ndilo lionetsa maphunziro, motero amveka ali kuti "I commenced to eat my nsima". Kutero kuli ngati kubvala suti popita kukalima. Polankhula ndi anzanu, ngakhale ndi kapitao, "start" ndi "begin" akwanira. Mukakayika, dzifunseni m'Cinyanja: ngati mukadati kuliza, kunyamuka kapena kuyambitsa, nenani "start", ngati mukadati kuyamba cabe, sankhani limene mufuna pa awiriwo. Liu la "commence" mulidziwe kuti muzilimva likabwera m'kalata, ndipo ngati kalatayo yakubvutani, musacite manyazi kufunsa wodziwa tsiku lomwelo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tsalani bwino nonse, tidzakumananso sabata ya mawa nthawi yomwe ino.