Kodi Kompyuta Imafunsa Nthawi kwa Yani?

Kale ku Chapananga munthu ankakonza wotchi yake potchera khutu ku wailesi nthawi ya nkhani ikamakwana. Kompyuta nayonso ili ndi kofunsa.

M'kati mwake muli kamwala ka quartz konjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, koma kutentha ngati kwa m'Chigwa cha Shire kumakasocheretsa pang'onopang'ono. Choncho pulogalamu yotsata njira ya NTP, imene David Mills analongosola mu 1985, imafunsa pa intaneti kwa makina osunga nthawi yeniyeni. Yankho likafika, imawerengeranso kamphindi kamene lathera m'njira, ndipo kompyutayo imawonjezerapo maola 2 a kuno ku Malawi.

Tsiku likasochera kwambiri, tsamba la banki limakana kutseguka, ngakhale ndalama zanu zilimo.