Lamya yatsopano, pulogalamu yakale: yang'anani musanalipire

Nyengo yogulitsa soya ndi nshawa ikafika, alimi ambiri ocokera ku Chiparamba, Kalichero ndi Feni amalowa mu Chipata ndi ndalama m'thumba, ndipo ena amakagula lamya ya m'manja. Amayang'ana kukula kwa galasi ndi kunyezimira kwa cikuto. Ndi ocepa amene amafunsa zaka za pulogalamu ili m'kati mwake.

Pulogalamu yoyendetsa malamya ambiri ndi Android, ndipo imatuluka ndi nambala. Android 5.0 inatuluka mu 2014, Android 10 mu 2019, Android 13 mu 2022. Nambalayi si yokongoletsera. Mu October 2023, WhatsApp inaleka kugwira nchito pa malamya a Android yocepera 5.0, ndipo eni ake anangoona mauthenga a ku Mphakati ndi a ku kopaletivi aleka kufika. Kampaniyi imakweza malire amenewa pakapita nthawi.

Kuona nambalayi nkosabvuta. Lowani pa Settings, pitani pa About phone, muwerenge pamene palembedwa Android version. Bvuto ndi lakuti malamya acinyengo amanama pomwepo. Opanga amasintha zolembedwazo, lamya nkumaonetsa 13 pamene m'kati muli 8.1, monga thumba la mbeu yakale losokedwa cikwangwani ca caka cino.

Koma pali nambala ina yochedwa API level, imene mapulogalamu amawerenga asanalole kulowa m'lamya, ndipo imeneyi njobvuta kuinamiza. Timapulogalamu taulere monga CPU-Z ndi AIDA64 timaionetsa poyera. Android 5.0 ndi 21, Android 8.1 ndi 27, Android 10 ndi 29, Android 13 ndi 33. Lamya ikanena 13 koma API level ili 27, mwaigwira bodza. Cenjezo ndi lakuti mukatenge nokha kapulogalamuko pa Play Store, cifukwa kamene mwapeza kali kale m'lamya kangakhale kophunzitsidwa bodza lomwelo. Kutero kudzadya mabandulo pang'ono, inde, koma osati mtengo wa thumba la soya.

Tumaninso *#06# kuti muone nambala ya IMEI, ya manambala 15, muilinganize ndi ya pa bokosi. Ngati Cizungu ca m'lamya cikubvutani, tengani mwana wa sukulu kapena mnyamata wa ku kwaya akuwerengereni. Wogulitsa akakana kuti muyese, thebulo lake si lokhalo la malamya m'tauni muno.