Uthenga wa pa sikirini ndi kulira kwa sompho

Ku Mvera ntchito ya mitengo si yachilendo. Mitondo, minsi ndi mipini zinkasemedwa kale Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok asanatsegule mishoni m'dziko la Mfumu Chiwere mu 1889, ndipo mishoniyo itakhazikika panafunikanso zitseko, mafelemu ndi mabenchi a m'tchalitchi. Lero mnyamata amene waphunzira ukalipentala kuno akakwera minibasi pa msewu wa M14 kukafuna ntchito ku Lilongwe, kapena akafika mpaka ku Johannesburg, angathe kuikidwa pa makina a CNC, amene amasema thabwa motsatira malamulo a kompyuta. Kwawo zinthu zikalakwika ankamva m'dzanja ndi m'khutu. Pa makinawo vuto limabwera lolembedwa pa sikirini, ndipo ayenera kuliwerenga.

Makina ang'onoang'ono ambiri amayendera GRBL, pulogalamu yaulere imene Simen Svale Skogsrud anayamba kulemba mu 2009. Mauthenga ake ndi a manambala. ALARM:1 ikutanthauza kuti swichi ya kumalire yagundidwa makina akuyenda. ALARM:2 ndiye kuti chojambula chikutuma mpeni kupita kunja kwa malo amene makinawo angafike. Mukaona error:22, palibe amene wanena liwiro loyendera mpeni. Pa error:9 makina akukana lamulo chifukwa alamu imene inawaimitsa sinachotsedwe. Ubwino wake ndi woonekeratu: nambalayo ndi imodzimodzi ku Lilongwe ndi ku Durban, ndipo wophunzira wa mwezi umodzi angathe kujambula sikirini, kutumiza pa WhatsApp, mnzake wodziwa n'kumuuza pogwira. Kulira kwa sompho sikutumizika chotero.

Komatu uthengawo umanena chimene makina amva, osati chimene chachititsa. Apa m'pamene ambiri amasokonekera. ALARM:1 imatha kubwera mpeni uli pakati penipeni pa thabwa, kutali ndi malire alionse. Mwina utuchi walowa m'swichi, mwina waya wamasuka chifukwa cha kunjenjemera, ndipo kawirikawiri nthambo ya mota yozungulitsa mpeni yagona limodzi ndi kawaya ka swichi, magetsi a nthambo yaikuluyo n'kunamiza kawayako. Waphuma amalemba $X kuti makina atseguke, napitiriza ntchito. Koma makina oima mwadzidzidzi chotero amakhala atataya malo pamene anali, ndipo akapanda kubwezedwa kaye pachiyambi ndi $H, adzasema duwa la pachitseko pambali pa pomwe linayenera kukhala. Magetsi akathima ntchito ili mkati, nkhani ndi yomweyo. Wa sompho magetsi samukhudza. Amangosuntha mpando kutsata kuwala kwa dzuwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pamene sikirini yangoti zii. Mamota oyendetsa makina otsika mtengowa amawerengeredwa masitepe, koma sabweza yankho loti afikadi. Mpeni ukakakamira pa mfundo yolimba, mota n'kuphonya masitepe angapo, kompyuta imapitiriza ngati zonse zili bwino. Mpeni wobuntha ukayamba kuwotcha thabwa, palibe nambala imene imaoneka. Thabwa likakhala losauma, kapena chogwirira chake chikamasuka, makina sadziwa kanthu. Mavuto onse amene ali mu mtengomo, amene ndiwo amawonongetsa ndalama, sawalemba.

Amenewa ndiwo mmisiri wa manja amawadziwa msanga. Puleni ikayamba kuzula m'malo mopala, amadziwa kuti wayenda motsutsana ndi mizere ya thabwa, nalitembenuza. Sowo ikamapanidwa ndi bulugamu, amadziwa kuti mtengowo udakali ndi madzi ndipo upindika ukauma. Paini amamuonera mfundo asanayambe n'kulemba komwe. Mlombwa wouma bwino amaudziwa pougogoda ndi pounyamula. Fungo la kupsa, mtundu wa utuchi, kusintha kwa phokoso, zonsezi zimamufikira nthawi yomweyo, ndipo dzanja limaima lokha thabwa lisanawonongeke kwambiri. Makina amathamanga, ndiye akalakwa amalakwanso mothamanga, pa thabwa limene masiku ano ndi lodula ndi losowa. Nkhalango ya Ntchisi ndi yotetezedwa, ndipo mitengo ya matabwa abwino m'mapiri a Dowa yachepa kwambiri.

Ndisakometse mbali imodzi. Nzeru za mmisiri zimatenga zaka kuti zikhazikike, ndipo sizilowa m'buku mosavuta. Wophunzira akafunsa chifukwa chake, nthawi zambiri amangouzidwa kuti, "Mvetsera bwino, ukumva mmene likulirira?" Ku Kungoni, ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zosemasema mu 1976, luso lakula chifukwa achinyamata akhala nthawi yaitali pambali pa odziwa. Amisiri awiri angathenso kusiyana maganizo pa thabwa limodzi, dzanja limatopa, ndipo wofuna zitseko 20 zofanana ndendende sangazipeze kwa munthu wa sompho pa nthawi imene makina angazitulutse. Uthenga wa pa sikirini sutopa ndipo sukondera. Kungoti umaona pang'ono.

Ndikaziika pamodzi, ndimaona kuti manambala a GRBL munthu wodziwa kuwerenga angawaloweze pa masabata ochepa, atawamata pakhoma pafupi ndi makina. Kudziwa mtengo sikufulumira chotero. Choncho kalipentala wa pa Mvera kapena pa Chezi amene wagwira puleni zaka zambiri ali kale ndi gawo lovuta la ntchitoyi, ndipo akaima pa makina amamva mpeni wobuntha sikirini isananene kalikonse. Wodziwa kompyuta yekha amadikira uthenga umene subwera.

Kwa a TEVETA ndi onse ophunzitsa ntchito za manja, pempho langa ndi ili: pamene mukubweretsa makina otere, musachotse sompho, sowo ndi puleni m'manja mwa ophunzira a chaka choyamba. Mauthenga a makinawo muwamasulire m'Chichewa, pa nambala iliyonse mulembeponso zimene zimaichititsa, ndipo amisiri akale a m'midzi muwaitane adzaphunzire nawo.