Kodi timamenya mwana kapena manyazi athu?

Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Balaka. Mwezi watha ndinakwera minibasi, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukaona amayi kwathu ku Ntaja. Ndinali ndi mwana wanga wa zaka zitatu.

Tili pamsika ndi amayi, mwana uja anaona mandasi. Nditamukaniza, anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduzika m'fumbi, uku akukuwa. Anthu anaunjikana. Wina ati, "Mkwapuleni ameneyo! Ana a m'tauni mwano!"

Nkhope yanga inagwa. Ndinathyola kamtengo, koma amayi anandigwira mkono.

"Iwe, mwanayu wadzuka m'bandakucha, sanagone, sanadye bwino. Ukufuna kumenya iyeyu kapena manyazi akowo?"

Anamunyamula, kukakhala naye pansi pa mtengo wa mango mpaka anatonthola. Mandasi sanamugulire ayi. Kunyumba anamupatsa phala, nagona.

Awerengi, ambirife tinakula ndi chikoti ndipo timati m'mera mpoyamba. Zoona. Koma gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 linaletsa ngakhale makhoti kulamula kuti munthu akwapulidwe. Tsono ngati mbava yeniyeni sikwapulidwa, wolirira mandasi walakwa zotani?

Sindikuti mwana azimusekerera. Mukakana, kanani ndithu, osasintha mawu chifukwa walira. Koma mchotseni pagulu kaye, mtima wanu utsike, kenaka mulankhule naye.

Anthu aja anabalalika n'kuiwala. Mwanayo ndi amene ndinabwerera naye ku Balaka.