Tcheni cha Njinga: Mafunso ndi Mayankho

Kodi matcheni onse ndi ofanana?

Kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake, onse ndi mamilimita 12.7. Amasiyana m'lifupi. Njinga yopanda magiya, monga Buffalo, kapena Eagle zija ankapanga a Luangwa Industries ku Chipata konkuno, imafuna tcheni chachikulu cha 1/8 ya inchi. Ya magiya 6, 7 kapena 8 imafuna chopyapyala cha 3/32 ya inchi. Chachikulu pa njinga ya magiya chimakodwa pakati pa mano. Popita kusitolo tengani chakalecho.

Tcheni chikakhwepa, si bwino kungodulako mfundo imodzi?

Apa ndi pamene anthu amandikwiyitsa. Amati tcheni chatanuka, ngati kuti ndi mphira. Chitsulo sichinatanuke ayi! Fumbi la mumsewu wa ku Mwami limalowa mkati, limasakanikirana ndi oyilo, n'kumapera timapini tsiku ndi tsiku. Pini iliyonse imadyeka pang'ono, ndipo mipata yonseyo ikaphatikizana tcheni chimatalika. Mukadula mfundo, zotsalazo ndi zodyeka chikhalirenicho. Zimakwera pamwamba pa mano a fuliwilo ndi kuwasongola mpaka akhale ngati minga. Wa kabaza amene wanyamula munthu, kapena wamakala wa matumba atatu, akaponda pedulo mwamphamvu pachitunda tcheni chimalumpha, bondo pahandulo. Wapulumutsa ndalama ya tcheni, mawa agula tcheni ndi fuliwilo yomwe.

Nanga ndidziwa bwanji kuti chatha?

Chikokeni chiwongoke, muyeze ndi lula. Kuchokera pa pini yoyamba, werengani mapini ena 20: chatsopano chimakwana masentimita 25.4. Chikafika 25.6, chotsani. Chikapitirira pamenepo, onaninso mano akumbuyo, chifukwa tcheni chatsopano sichigwira pa mano akutha.

Nanga utali wa tcheni chatsopano?

Werengani mfundo za chakale, zatsopano zikhale zomwezo.

Pomanga pali chovuta?

Kajoini. Kachitsulo kotsekera kaja kali ndi mbali yotseka ndi yotseguka, ndipo yotseka iyang'ane kumene tcheni chikupita. Mukakatembenuza, kadzakodwa penapake n'kuthothoka muli kutali ndi mmisiri. Kenako, ngati njinga ndi yopanda magiya, kokerani tayala kumbuyo, koma musakungitse kwambiri: tcheni chizisewera sentimita imodzi pakati. Mangani manati mosinthanasinthana kuti tayala lisapendame. Donthezani oyilo pa mfundo iliyonse, mupukute kunja ndi kansanza mpaka kuume, chifukwa oyilo wotsala kunja ndiye amaitana fumbi.